Mafunso a Owerenga: Wapolisi Akabwerera M'mbuyo, Kodi Wagonja?

Makalata ambiri amene talandira mwezi uno akufunsa za maphunziro amene apolisi amapatsidwa kuti azitha kuziziritsa mkangano usanafike pa chibonga kapena mfuti. Pa Chingerezi amawatcha de-escalation. Oyankha ndi aphunzitsi a ntchito za chitetezo pamodzi ndi anamwino a matenda a maganizo. Mafunso ena tawafupikitsa.

FUNSO: Ndimamva kuti apolisi akuphunzitsidwa kuziziritsa mikangano. Kodi si nkhani yongowauza kuti azilankhula mwaulemu? Zimenezo mpaka kuzikhalira m'kalasi? — Bambo wina wopuma pa ntchito

YANKHO: Bambo, ulemu ulimo ndithu, koma ndi kachigawo chabe. Chachikulu chimene wapolisi amaphunzira ndi kudzipezera nthawi. Ngozi zambiri zimabadwa m'masekondi oyambirira, pamene wapolisi watsika galimoto n'kuthamangira pafupi ndi munthu amene sakudziwa kuti wanyamula chiyani, wamwa chiyani, chamuvuta n'chiyani. Munthu uja akangogwedeza dzanja, wapolisi amatsala ndi kumenya kapena kuwombera basi. Mpata woganiza anautaya yekha ndi kafikidwe kake.

N'chifukwa chake phunziro limayambira kumiyendo, pakamwa pamabwera pambuyo. Galimoto iime chapatali, ndipo ngati palibe amene moyo wake uli pachiswe, sailini izimitsidwe asanafike. Wapolisi aime chammbali pang'ono, osati chifuwa ndi chifuwa ngati atambala, ndipo pakati pa iye ndi munthuyo pakhale chotchinga: galimoto, tebulo, mpanda, ngakhale chitseko. Mtunda ndi chotchinga n'zimene zimabereka nthawi. Manja ake azioneka, asaloze munthu chala kumaso. Asamutsekerenso pakona, pakuti munthu wopanikizidwa amamenya ngakhale analibe maganizo omenya.

Apolisi akakhala awiri kapena kuposerapo amagawana ntchito asanatsike m'galimoto. Mmodzi ndiye wolankhula. Winayo amayang'ana manja a munthuyo, amayang'ana khamu, amalankhula pa wailesi, koma salowerera nkhani. Cholakwika chimene chimaoneka kawirikawiri n'chakuti apolisi atatu amakuwa nthawi imodzi, uyu akuti "Kweza manja!", uyo akuti "Gona pansi!", winayo akuti "Usagwedezeke!" Munthu amvere uti? Chilichonse chimene achite chikhala kuti wanyozera mmodzi wa iwo, ndipo wonyozedwayo ndi amene amayamba kumenya.

Wolankhula uja amatchula dzina lake, amanena chimene wabwerera, kenaka amafunsa dzina la munthuyo n'kumamuitana nalo. Mafunso ake akhale opatsa munthu mpata wofotokoza, monga "Chachitika n'chiyani lero?" Funso loti "Waledzera eti?" ndi chiweruzo kale, ndipo yankho lake limakhala chipongwe. Akafunsa adikire. Munthu amene mtima uli m'mwamba amachedwa kumva, choncho ophunzira amazolowetsedwa kuwerenga chamumtima mpaka 10 asanabwereze mawu. Akayankhidwa abwezere munthuyo zimene wanena: "Ndamva kuti akuchotsani ntchito, ndipo masiku awiri simunagone." Kutero sikuvomereza kuti munthuyo akukhoza. Ukungomuonetsa kuti mawu ake afika, ndipo amene wamvedwa safunikanso kukuwa.

Pali mawu amene timawaletsa. "Ukudziwa kuti ndine ndani?" amasandutsa nkhani yonse kukhala mpikisano wa ulemu. "Ndikukuuza komaliza" amamanga wapolisi mwiniwakeyo, chifukwa munthu akakana, wapolisi amayenera kusankha pakati pa manyazi ndi nkhondo. Bodza nalonso n'loletsedwa. Ukauza munthu kuti sumumanga kenaka n'kumuveka unyolo, lero wapambana, koma wapolisi amene adzakumane naye mawa adzalipira bodza lako, ndiponso onse amene anaonerera sadzakhulupiriranso lonjezo la wapolisi. Chimene chimathandiza ndi kumupatsa zosankha ziwiri zimene zonse n'zabwino kwa iwe: "Tikambirane pompano, kapena tikhale pansi apo?" Munthu amene wasankha yekha samva kuti wagonjetsedwa, makamaka ngati ana ake kapena anzake akumuyang'ana.

Wapolisi amaphunziranso za thupi lake. Mantha akamugwira maso amangoona chinthu chimodzi, makutu amatseka, mawu amakwera okha. Njira yodziwika yobwezera mtima m'malo ndi kupuma mowerenga: kukoka mpweya mpaka 4, kuugwira mpaka 4, kuutulutsa mpaka 4, kudikira mpaka 4, n'kubwereza katatu kapena kanayi ali m'galimoto.

Zonsezi zimayenda pa ndondomeko ya mafunso asanu imene inachokera ku polisi ya ku Britain. Ndikudziwa chiyani? Choopsa n'chiyani, ndipo chikuopseza yani? Lamulo likundilola chiyani? Njira zilipo zingati, yabwino ndi iti? Ndachita, tsono chasintha n'chiyani? Funso lachisanu limabwezera wapolisi ku loyamba, amazungulira choncho mpaka nkhani itatha. Mu 2015 akuluakulu a polisi a ku America anapita ku Scotland, kumene apolisi ambiri sayenda ndi mfuti, kukaona mmene amachitira ndi anthu onyamula mipeni. Chaka chotsatira bungwe la Police Executive Research Forum linatulutsa maphunziro otchedwa ICAT, omangidwa pa ndondomeko yomweyi.

FUNSO: Ndangoyamba kumene ntchito ya upolisi. Anatiphunzitsa kuti munthu wa mpeni akakhala pa mamita 6 akhoza kukubaya usanasolole mfuti. Tsono mukamati tizibwerera m'mbuyo n'kumanyengerera, simukutiika pamoto? Ifenso tili ndi mabanja. — Wapolisi wachinyamata

YANKHO: Mnzathu, nkhawa yanu ndi yomveka ndipo sitikuipeputsa. Chiwerengero munamvacho chinachokera kwa Dennis Tueller, wapolisi wa ku Salt Lake City ku America, amene mu 1983 anaonetsa kuti munthu wathanzi akhoza kuthamanga mafiti 21, omwe ndi mamita 6 ndi kachidutswa, m'sekondi imodzi ndi theka. Imeneyo ndi nthawi yomwe wapolisi amatenga kusolola mfuti m'chimake n'kuwombera. Zimenezo n'zoona. Chinalakwika n'chakuti ena anasandutsa chenjezolo kukhala chilolezo, ngati kuti aliyense wa mpeni amene ali mkati mwa mtundawo ayenera kuwomberedwa. Ife timaliwerenga motere: ngati mamita 6 ndi oopsa, musaime pa mamita 6. Imani pa 10 kapena 15, kuseri kwa galimoto. Iye akasendera kutsogolo, inu senderani m'mbuyo kapena chammbali, ndipo musanayambe kulankhula dziwani kale kumene mungapondere osagwa, chifukwa wobwerera chambuyo amapunthwa msanga pa mwala kapena m'ngalande. Pamalo pamene mwaima si panu poti mufere.

Chitsanzo chimene aphunzitsi ambiri amaonetsa chinachitika ku Camden, m'chigawo cha New Jersey ku America, mu November 2015. Bambo wina anayenda mumsewu akugwedeza mpeni, osamvera malamulo a apolisi. Apolisiwo anamuzungulira chapatali n'kumayenda naye, ena akupatutsa magalimoto ndi anthu oyenda pansi kutsogolo kwake. Anayenda naye choncho kwa mphindi zingapo mpaka anamugwira. Chipolopolo sichinatuluke ndi chimodzi chomwe, ndipo onse anabwerera amoyo. Kuona maso a nkhono n'kudekha, koma kudekha kumeneku kunali ndi dongosolo: aliyense ankadziwa pamene ayenera kuima, ndipo ena anali okonzeka kugwiritsa ntchito mphamvu ngati bamboyo akanathamangira munthu.

Mfundo yomalizayi muigwire. Kuziziritsa mkangano sikukulandani ufulu wodziteteza. Munthu akamawombera anthu, kapena mpeni uli kale pakhosi pa wina ndipo akubaya, nthawi yokambirana palibe. Maphunziro a ICAT anakonzedwera makamaka anthu opanda chida kapena onyamula chida chomwe si mfuti, monga mpeni, chitsulo kapena mwala. Mfundo za bungwe la United Nations zimene anagwirizana ku Havana mu 1990 zimanena zomwezo: wapolisi ayambe wayesa njira zopanda chiwawa pamene n'zotheka, ndipo kupha mwadala n'kololedwa pokhapokha palibiretu njira ina yopulumutsira moyo.

Pa za banja lanu, onani yankho lotsatirali. Pamene maphunzirowa anayesedwa bwino, amene kuvulala kwawo kunatsika kwambiri anali apolisi. Chifukwa chake n'chosavuta: apolisi ambiri amavulala pogwirana ndi munthu ndi manja, zala kuthyoka, msana kubinya, kulumidwa, kugwa. Kugwirana kukachepa, zimenezonso zimachepa.

FUNSO: Kodi pali umboni woti maphunzirowa amathandiza? Ine ndimaonabe apolisi akumenya anthu, chonsecho amati anaphunzira. — Wowerenga wokayika

YANKHO: Umboni ulipo, koma ndi waposachedwa ndipo tisaukokomeze. Mu 2020 Robin Engel wa pa yunivesite ya Cincinnati ndi anzake anasonkhanitsa malipoti a kafukufuku wa maphunziro oterewa a zaka 40. Anapeza malipoti 64, ambiri okhudza anamwino ndi ogwira ntchito m'zipatala za matenda a maganizo. Lokhudza apolisi panalibe ndi limodzi lomwe.

Gulu lomwelo linakayesa ku Louisville, m'chigawo cha Kentucky ku America. Mu 2019 apolisi oposa 1,000 a mumzindawo anaphunzira ICAT, gulu lina likaphunzira lina likudikira, kuti ofufuza athe kufananiza. Kugwiritsa ntchito mphamvu kunatsika ndi 28 peresenti, kuvulala kwa anthu wamba ndi 26 peresenti, kuvulala kwa apolisi ndi 36 peresenti. Komatu mu March 2020, miyezi yochepa maphunzirowo atatha, apolisi a mumzinda womwewo anapha mayi wina, Breonna Taylor, m'nyumba mwake usiku, ndipo mu 2023 unduna wa zachilungamo wa dzikolo unapeza kuti polisi ya Louisville inali ndi chizolowezi chogwiritsa ntchito mphamvu mopyola muyeso. Ndiye kukayika kwanu kuli ndi maziko. Maphunziro amasintha zochita za wapolisi pamsewu, koma pa okha sachiritsa polisi yonse.

Pamene alephera, kawirikawiri vuto loyamba limakhala maola. Mu 2015 bungwe la Police Executive Research Forum linafunsa mapolisi a ku America za maphunziro a olowa kumene ntchito, ndipo linapeza kuti kuwombera kunkatenga maola 58, kulimbana ndi manja maola 49, kuziziritsa mikangano maola 8. Mantha akabwera thupi limathamangira chimene linabwereza kwambiri. Maola 8 sangapikisane ndi maola oposa 100.

Kaphunzitsidwe nakonso. Mphunzitsi akaima kutsogolo tsiku lonse n'kumawerenga, ophunzira amakhoza mayeso a papepala koma pamsewu sasintha. Luso limeneli limalowa pochita. Pafunika munthu woseweretsa gawo la wokwiya kapena wodwala, amene amakwiya kwambiri wophunzira akalakwitsa n'kumafewa wophunzira akachita bwino. Sewerolo lijambulidwe, wophunzira adzionere yekha pamene anasendera pafupi mopyola, pamene anadula munthu mawu, kenaka abwereze pomwepo. Maganizo athu ndi akuti theka la nthawi, kapena kuposa, lizipita ku masewero otere, m'magulu ang'onoang'ono kuti aliyense alowemo kangapo. Luso losabwerezedwa limafota, choncho pafunika kukumbutsana chaka ndi chaka, ndiponso mphindi zisanu pa paredi ya m'mawa zokambirana nkhani imodzi ya dzulo.

Koma amene amapha kapena kupulumutsa maphunzirowa ndi sajeni. Wapolisi akakhala mphindi 40 akunyengerera munthu mpaka wataya mpeni, n'kufika ku ofesi sajeni n'kumufunsa kuti "Munachedwa kuti?", mawa sadzayesanso. Wantchito amaphunzira msanga chimene bwana amayamikira. Ngati kukwezedwa kumatengera kuchuluka kwa anthu amene wamanga, satifiketi ya maphunziro ingokhala yopachika pakhoma. Palinso wapolisi wakale amene amauza watsopano tsiku loyamba kuti aiwale za kusukulu, kuno n'kumsewu. Ndipo pali kutopa: munthu amene wagwira ntchito usiku wonse n'kupitiriza masana amapsa mtima msanga, kaya anaphunzira kapena ayi.

Chinanso chimene sichiyenera kusowa ndi kuphunzitsa wapolisi kuletsa mnzake, ngakhale mnzakeyo akhale wamkulu. Polisi ya mzinda wa New Orleans ku America inayamba kuphunzitsa zimenezi mu 2016: mawu oti unene, pogwira mnzako paphewa, mmene ungalandirire nkhani m'manja mwake osamuchititsa manyazi. George Floyd atafa ku Minneapolis mu May 2020 bondo la wapolisi lili pakhosi pake kwa mphindi zoposa 9, apolisi ena atatu amene analipo anapezekanso olakwa kukhoti. Kuonerera nakonso ndi mlandu.

FUNSO: Mwana wanga wamwamuna amadwala matenda a maganizo. Akasiya mankhwala amalusa, ndipo tsiku lina anatenga mpeni wa kukhitchini. Ndimaopa kuitana apolisi kuti angamuphe. Nditani? — Mayi wodandaula

YANKHO: Mayi, pepani ndi mtolo umenewu. Pali zambiri zimene inu mungachite apolisi asanafike, ndipo zimasintha kafikidwe kawo.

Poimba foni, mawu anu oyamba akhale akuti mwana wanu akudwala matenda a maganizo ndipo akufunika kupita kuchipatala. Mukayamba ndi "Pali munthu wa mpeni", apolisi amabwera atakonzekera chigawenga. Za mpeniwo muzinene ndithu, musabise, koma munene mwatsatanetsatane: ndi mpeni wotani, uli m'dzanja kapena patebulo, waopseza nawo munthu kapena akungoyenda nawo. Nenani dzina limene amakonda kuitanidwa, mankhwala amene amamwa ndi tsiku limene anasiya, amene ali m'nyumba, chimene chimamukhazika mtima pansi, ndi chimene chimamulusitsa, kaya ndi kugwiridwa, kukuwiridwa kapena kuzunguliridwa. Pemphani apolisi ophunzira za matenda a maganizo ngati alipo, ndiponso ambulansi. Zonsezi zilembeni papepala lero lomwe, pamene zinthu zili bwino, chifukwa pa tsiku la mavuto mutu sugwira.

Podikira, tulutsani ana ndi ena onse, mangani galu, zimitsani wailesi ndi TV, yatsani magetsi. Munthu mmodzi yekha akakumane ndi apolisi panja, manja ali opanda kanthu, n'kubwereza zimene munanena pafoni. Ngati mwana wanu watsala yekha m'chipinda ndipo sakudzivulaza, auzeni apolisi zimenezo momveka, pakuti zikatero palibe chothamangira kuthyola chitseko.

Wapolisi wophunzira bwino mudzamuona ndi izi. Amalankhula ziganizo zazifupi, chinthu chimodzi pa nthawi. Satsutsana ndi zimene wodwala akuona kapena kumva, komanso sanamizira kuti nayenso akuzimva. Amati, "Ine mawuwo sindikuwamva, koma ndikuona kuti akukuopsani." Amachenjeza asanagwire munthu. Ndipo amadziwa kuti kusamvera sikuti nthawi zonse ndi mwano: munthu amene shuga watsika m'thupi amaoneka ngati woledzera, amene wangotsitsimuka kumene ku khunyu amakankha aliyense womugwira osadziwa, ndipo wosamva sangamvere lamulo limene lakuwidwa kumbuyo kwake.

Ngati afika pomugwira, apa tcherani khutu. Malo oopsa kwambiri ndi kumugoneka chafufumimba wina atamutsamira pamsana kapena pakhosi. Chifuwa ndi mimba zimalephera kufutukuka pomwe thupi, litalimbana, likufuna mpweya wochuluka. Unyolo ukangotsekedwa ayenera kutembenuzidwa chammbali kapena kukhazikidwa tsonga. Akanena kuti sakupuma, akhulupiriridwe. Maganizo akuti wolankhula ndiye kuti akupuma bwino aphetsa anthu, chifukwa mpweya wotulutsira mawu ochepa ndi wochepa kuposa wofunika kuti munthu akhale moyo. Amene ankalimbana n'kungoti zii mwadzidzidzi, musaganize kuti wagonja, mwina akukomoka. Nenani mokweza koma mosatukwana: "Mutembenuzeni, sakupuma."

Njira yodziwika kwambiri yophunzitsira apolisi za odwala otere inayamba ku Memphis ku America mu 1988, apolisi atapha mnyamata wodwala maganizo amene anali ndi mpeni chaka cha 1987. Imatenga maola 40, imasankha apolisi odzipereka okha, ndipo ena mwa ophunzitsa amakhala odwala amene anachira ndi makolo ngati inu. Kafukufuku waonetsa kuti imathandiza kuti odwala azipita kuchipatala m'malo mwa chitokosi, ngakhale pa kuchepetsa kuvulala umboni wake ndi wofooka. Msana wa njirayi ndi chipatala cholandira wodwala nthawi iliyonse popanda kubweza. Chikasowa, wapolisi wabwino amatha kunyengerera munthu kwa ola lathunthu kenaka n'kusowa komupititsa. Mizinda ina inapita patsogolo. Ku Denver kuyambira mu June 2020 mafoni ena amayankhidwa ndi katswiri wa matenda a maganizo ndi wachipatala wa ambulansi, popanda wapolisi. Kafukufuku wa mu 2022 anapeza kuti m'madera amene ankagwiramo ntchito, malipoti a milandu ing'onoing'ono anatsika ndi 34 peresenti.

FUNSO: Mumati maphunzirowa amathandiza umoyo wa dera lonse. Ine sindinamangidwepo, ana amene ndimaphunzitsa sanamangidwepo. Zikutikhudza bwanji? — Mphunzitsi wa sekondale

YANKHO: Aphunzitsi, chibonga chimagwera munthu mmodzi koma ululu umafalikira. Desmond Ang wa pa yunivesite ya Harvard anafufuza zolemba za ophunzira a sekondale oposa 700,000 a ku Los Angeles. Anapeza kuti ana okhala mkati mwa mamita pafupifupi 800 kuchokera pamene apolisi anapha munthu ankayamba kujomba, magiredi awo ankatsika, ndipo ena sankamaliza sukulu. Kutsikako kunali kwakukulu pamene wophedwayo analibe chida. Ambiri mwa anawo sanali abale ake. Anangomva, kapena kuona, n'kuyamba kudzifunsa ngati mawa si iwo.

Akuluakulu nawonso. Kafukufuku amene anatuluka mu magazini ya zachipatala ya The Lancet mu 2018 anapeza kuti apolisi akapha munthu wakuda wopanda chida ku America, anthu akuda a m'chigawo chomwecho ankanena kuti masiku awo osapeza bwino m'maganizo achuluka kwa mwezi umodzi kapena iwiri yotsatira. Ofufuzawo anawerengera kuti pa chaka zimakwana masiku pafupifupi 55 miliyoni. Kumeneku ndi kusowa tulo, kuda nkhawa, kulephera kuika mtima pa ntchito.

Ndiye pali chikhulupiriro, chimene ife timachiona ngati chuma chenicheni cha polisi. Milandu yambiri imatheka chifukwa wina waulula, wina wavomera kukhala mboni. Mayi amene akumenyedwa kunyumba amaimba foni ngati akukhulupirira kuti apolisi aletsa nkhanzazo popanda kupha bambo wa ana ake. Akaopa amakhala chete, ndipo nkhanza zimapitirira. Dera limene laleka kuitana apolisi limayamba kudziweruzira lokha, ndipo mapeto ake ndi maliro ena.

Kuti zinthu zikhoza kutembenuka, zinaoneka mu kafukufuku wa David Weisburd ndi anzake amene anatuluka mu 2022. M'mizinda itatu ya ku America, Tucson, Houston ndi Cambridge ya ku Massachusetts, apolisi ena anaphunzira kwa maola 40 zinthu zinayi: kulola munthu kufotokoza mbali yake, kusakondera, kulemekeza, ndi kuonetsa kuti cholinga chawo n'chabwino pofotokoza chifukwa cha zimene akuchita. Anatumizidwa m'misewu ya milandu yambiri kwa miyezi 9. Poyerekeza ndi misewu ya apolisi osaphunzira, iwo anamanga anthu ochepa, anthu okhalamo anachepetsa kudandaula kuti apolisi amawazunza, ndipo milandu inatsika ndi 14 peresenti. Amene amaopa kuti wapolisi wofatsa amalimbitsa mbava mtima ayenera kuyang'ana chiwerengero chimenecho.

FUNSO: Nanga pa zionetsero kapena pa mpira, pamene anthu ndi masauzande? Munganyengerere khamu? — Wokonda mpira

YANKHO: Achimwene, khamu si munthu mmodzi, ndipo phunziro lonse lagona pamenepo. Mwa anthu 5,000 ofuna kugenda amakhala ochepa. Apolisi akaponya utsi wokhetsa misozi pa onse, amene anangobwera kudzaimba amaona kuti alakwiridwa, n'kugwirizana ndi ogenda aja. Apolisi amakhala atadzipangira okha mdani wamkulu.

Pa mpikisano wa mpira wa mayiko a ku Ulaya wa 2004 ku Portugal, polisi ya m'mizinda, mothandizidwa ndi katswiri Clifford Stott, inatumiza apolisi ovala yunifomu wamba, awiriawiri kapena m'timagulu, kuti azicheza ndi ochemerera, pamene a zishango anabisidwa chapafupi. Wovuta ankachotsedwa yekha, msanga, ena onse osakhudzidwa. M'mizinda ya masewero munali bata, ndipo zipolowe zazikulu zinachitika ku Albufeira, dera la nthambi ina ya polisi imene sinatsate njirayi. Dziko la Sweden nalo, apolisi atawombera ndi kuvulaza ochita zionetsero atatu ku Gothenburg mu 2001, linakhazikitsa apolisi okambirana, amene amakumana ndi atsogoleri a zionetsero masiku angapo zisanachitike n'kukhala nawo pafoni tsiku lonse. Ngati khamu liyenera kubalalitsidwa, chenjezo limveke mpaka kumbuyo, libwerezedwe, anthu apatsidwe nthawi, ndipo auzidwe njira yotulukira imene ili yotsekuladi. Kuthamangitsa anthu kulowera ku geti lotseka n'kumene kumapondetsa ana.

FUNSO: Ndili mu komiti yokambirana ndi apolisi m'dera lathu. Atiuza kuti onse anaphunzira kale. Tingadziwe bwanji kuti zikugwira ntchito? — Mayi wa mu komiti

YANKHO: Mayi, chiwerengero cha amene anaphunzira chisakukhutitseni. Funsani kuti anaphunzira maola angati, mwa maolawo angati anali a masewero, anabwereza liti, ndipo ngati masajeni ndi akuluakulu anakhala nawo m'kalasi. Funsani ngati lamulo lolembedwa la polisiyo limakakamiza wapolisi kuyesa kuziziritsa mkangano pamene n'zotheka ndi kuletsa mnzake wopyola muyeso, chifukwa chimene sichinalembedwe palibe amene angalangidwe nacho.

Kenaka pemphani ziwerengero za mwezi ndi mwezi, kuyambira chaka chimodzi maphunziro asanachitike: kangati mphamvu zinagwiritsidwa ntchito, anthu angati anavulala, apolisi angati anavulala, odwala maganizo angati anapita kuchipatala ndipo angati anagona m'chitokosi. Ziwerengerozo muziyerekeze ndi kuchuluka kwa anthu omangidwa, pakuti kumenya kukhoza kutsika chabe chifukwa apolisi achepetsa kutuluka. Pa madandaulo chenjerani: akhoza kukwera poyamba chifukwa anthu ayamba kukhulupirira kuti akadandaula amvedwa, ndipo akhoza kukhala ochepa kwambiri pamene anthu akuopa kufika pa ofesi. Kuti mudziwe chenicheni, yerekezani mabuku a apolisi ndi a chipatala chimene chimalandira ovulala, ndipo kamodzi pa chaka funsani anthu amene anaimitsidwa kapena kumangidwa mafunso awiri: kodi wapolisi anakuuzani chifukwa chake, ndipo kodi anakulolani kufotokoza mbali yanu?